Papa Gregory XIII ndi Masiku Khumi Amene Anasowa

Owerenga athu amene amakonda kufunsana za masiku a mbiri yakale angayese anzawo ndi funso ili: kodi mumzinda wa Roma munachitika chiyani pa 10 Okutobala 1582? Yankho lake ndi lakuti simunachitike kanthu, pakuti tsikulo kunalibe. Anthu a ku Roma, Spain, Portugal ndi Poland anagona Lachinayi pa 4 Okutobala, nadzuka Lachisanu pa 15 Okutobala. Amene analamula zimenezi ndiye Papa Gregory XIII, mwini dzina la kalendala imene ili pakhoma m'nyumba zathu, m'masukulu ndi m'maofesi a Boma.

Dzina lake lobadwa nalo linali Ugo Boncompagni. Anabadwira ku Bologna, m'dziko la Italy, mu Januwale 1502, ndipo atate wake anali munthu wamalonda. Iye sanali katswiri wa masamu kapena wa nyenyezi ayi. Anaphunzira malamulo pa yunivesite ya kwawo komweko, naphunzitsa ena zaka zingapo, ndipo atapitirira zaka 35 anamuka ku Roma kukatumikira apapa pa milandu ndi malamulo a Mpingo. Unsembe anaulandira mochedwa. Asanadzozedwe anabereka mwana wamwamuna, Giacomo, mu 1548, ndipo sanamkane. Atakhala Papa anampatsa udindo woyang'anira linga la Castel Sant'Angelo. Anakwezedwa kukhala kadinala mu 1565, ndipo pa 13 Meyi 1572 anasankhidwa kukhala Papa ali nkhalamba ya zaka 70.

Patangopita miyezi itatu kunachitika chinthu chimene chinadetsa dzina lake. Pa 24 Ogasiti 1572 Akatolika a ku Paris anayamba kupha Apulotesitanti, ndipo kuphako kunafalikira ku mizinda ina ya France, nafa anthu zikwi zambiri. Mbiriyi itafika ku Roma, Gregory analamula mapemphero oyamika Mulungu, nasulitsa mendulo ya chikumbutso. Ena amamuikira kumbuyo ponena kuti anauzidwa kuti mfumu ya France yapulumuka ku chiwembu. Kaya zinali choncho, mendulo ija inasulidwa ndithu, ndipo Apulotesitanti sanaiwale.

Tsono vuto la kalendala linali lotere. Kalendala yakale ya Julius Caesar inali kuwerenga chaka kukhala masiku 365 ndi maola 6, ndicho chifukwa chake chaka chachinayi chilichonse mwezi wa Febuluwale umalandira tsiku lina. Koma chaka chenicheni, poyesa ndi dzuwa, n'chochepera pamenepo ndi mphindi 11. Mphindi zotere si kanthu pa moyo wa munthu mmodzi, koma pa zaka 128 zimakwana tsiku lathunthu. Mpingo unali kuwerengera Pasaka kuchokera pa 21 Malichi, tsiku limene usana ndi usiku zinali kulingana m'nthawi ya msonkhano wa mabishopu ku Nicaea mu 325. Pofika m'masiku a Gregory kulinganako kunali kuchitika pa 11 Malichi, kotero kuti chikondwerero chachikulu cha Akhristu chinali kusuntha pang'onopang'ono kuchoka m'nyengo yake.

Njira yokonzera inachokera kwa Aloysius Lilius, dokotala wa ku Calabria, amene anamwalira mu 1576 ntchito yake isanaoneke. Mbale wake Antonio ndiye anapereka zolemba zake kwa Papa. Gregory anazipereka ku bungwe la akatswiri, m'mene munali wansembe Christopher Clavius wa ku Germany, natumizanso chidule chake kwa mafumu ndi mayunivesite kuti anenepo maganizo awo. Lamulo linalembedwa pa 24 Febuluwale 1582. Masiku khumi anachotsedwa kamodzi, ndipo kuti cholakwacho chisabwerenso anapangana kuti zaka zothera ndi 00 zisakhale ndi 29 Febuluwale pokhapokha ngati zigawika ndi 400. N'chifukwa chake tsikuli kunalibe mu 1900, koma linalipo mu 2000. Mndandanda wa masiku a sabata sanaukhudze. Mayi woyera Teresa wa ku Avila anamwalira usiku womwewo wa kusinthaku, pa 4 Okutobala, naikidwa m'mawa mwake, pa 15 Okutobala.

Ife tiona kuti ulemu wa Gregory suli pa nzeru za masamu, pakuti nzeruzo zinali za ena. Uli pa kulamula chinthu chimene apapa am'mbuyo mwake anachikamba zaka zoposa 100 osachichita. Koma apa pomwe mpamene dzina lake linaononga ntchito yake. Maiko a Chipulotesitanti anakana kalendalayi, si chifukwa chakuti masamu ake anali olakwa, koma chifukwa inachokera m'manja mwa munthu amene anakondwerera imfa ya abale awo, amenenso anathandiza nkhondo zoukira Mfumukazi Elizabeth I ku Ireland. Apulotesitanti a ku Germany anailandira mu 1700. Britain anadikira zaka 170, kufikira mu 1752, pamene Lachitatu pa 2 Sepitembala linatsatidwa ndi Lachinayi pa 14 Sepitembala. Masiku ochotsa anali atakwana 11. Zaka zonsezo kalata yolembedwa ku Paris pa 15 inali kutha kufika ku London pa 10 mwezi womwewo, ngati kuti yafika isanalembedwe. Russia anasintha mu 1918, ndipo ndicho chifukwa chake kuukira kwa Okutobala 1917 kunali kukumbukiridwa pa 7 Novembala. Greece anatsatira mu 1923.

Pa zina za ulamuliro wake tingofotokoza mwachidule. Anamanga ndi kuthandiza masukulu ambiri a ansembe, ndipo yunivesite ya Gregorian ku Roma imatchedwa ndi dzina lake. Ntchitozi zinadya chuma chambiri. Pofuna ndalama analanda minda ya anthu olemekezeka, ndipo dziko la Papa linadzala ndi achifwamba amene iye analephera kuwagonjetsa.

Mu Malichi 1585 analandira anyamata a ku Japan, nthumwi za mafumu achikhristu a kumeneko, amene anakhala pa ulendo zaka zitatu kuchokera ku Nagasaki. Patapita masabata ochepa, pa 10 Epulo 1585, anamwalira ali ndi zaka 83. Pamanda ake m'tchalitchi cha Petro Woyera ku Roma anasemapo chithunzi cha akatswiri akupereka kalendala kwa iye. Lilius ndi Clavius maina awo anapatsidwa ku zigwa ziwiri za pamwezi. Ndipo lamulo lija la zaka zothera ndi 00 lidzagwiranso ntchito mu 2100, pamene Febuluwale adzathera pa 28.