Elie Susman, Wamalonda a Ng'ombe

Mseu wa Leopard's Hill, umene utuluka mu Lusaka chakufupi ndi Woodlands ndi Kabulonga, ulowera ku dera kumene kale kunali busa lalikulu la ng'ombe la abale awiri a kwa Susman. Wamng'ono wa iwo, Elie, ndiye anali mutu wa malonda awo.

Elie anabadwa m'chaka cha 1880 ku Rietavas, m'dziko la Lithuania, m'banja la Chiyuda. Mu 1901 iye ndi mkulu wake Harry anaoloka Zambezi namka ku Barotseland, dziko la Mfumu Lewanika. Mliri wa mu 1896 ndi 1897 unali utapululutsa ng'ombe kum'mwera, koma za Alozi zinapulumuka. Tsono anyamatawo anazigula kumene zinali zochuluka, nakazigulitsa ku Southern Rhodesia, kumene anthu anali kuzisowa. Pofika 1907 malondawo anatchedwa Susman Brothers, ndipo pambuyo pake anakhazikika ku Livingstone.

Popeza mutu umodzi susenza denga, anagawana ntchito monga mwa nzeru za yense. Harry anadziwa ng'ombe ndi njira za m'thengo; Elie anayang'anira ndalama, ngongole ndi mapangano.

Chiyeso chachikulu chinadza mu 1915, pamene nthenda ya mapapu inagwa pa ng'ombe za ku Barotseland. Boma linaletsa kuzitulutsa, ndipo lamulolo linakhala zaka zambiri. Msika umene unawalemeretsa unatsekeka, koma iwo sanagwe nawo, pakuti chuma chawo chinalinso m'masitolo ndi m'minda. Anayamba kugula ng'ombe ku Ngamiland, m'dziko la Bechuanaland, nazikusa ulendo wautali kumka ku migodi ya ku Katanga ndi ku Copperbelt, kumene antchito anali kufuna nyama.

Pambuyo pake Elie anasamukira ku South Africa, nathandizana ndi Max Sonnenberg kukulitsa masitolo a Woolworths, amene anayamba ku Cape Town mu 1931. Mu 1947 abalewo analandira Harry Wulfsohn, munthu wamng'ono kwa iwo, kuti atsogolere malonda a ku Northern Rhodesia, ndipo dzina linasanduka Susman Brothers & Wulfsohn. Elie anamwalira mu 1957, atasiya ntchito yake m'manja mwa ena okhoza kuipitiriza.

Ana ambiri a m'sukulu za kumidzi adzakhala ogulitsa mbuzi, mtedza kapena nsomba, ndipo tsiku lina msika wawo udzatsekeka ndi chilala, nthenda kapena lamulo. Mphunzitsi amene awapatsa buku kuti alembemo zogula ndi zogulitsa za m'munda wa sukulu, nawauza kudzala mbewu zamitundumitundu ndi kusinthana udindo wosunga ndalama, ali kuwakonzeratu tsiku limenelo lisanafike.