Ngwenyama Gomani Woyamba ndi Malo Osunga Mbiri Yawo

Woyenda pa msewu waukulu wochoka ku Dedza kulowera ku Ntcheu amadutsa m'malo momwe munathera moyo wa Inkosi ya Makhosi Gomani Woyamba, ngakhale kuti ambiri amangodutsa osadziwa.

Ngwenyama Gomani anali mwana wa Inkosi Chikuse ndiponso mdzukulu wa Mputa. Likulu la atate awo linali kufupi ndi phiri la Domwe, lomwe lero lili mbali ya Mozambique chifukwa cha malire amene azungu anadula pakati pa anthu amodzi. Chikuse atamwalira mu 1891, Gomani analowa ufumu ali wachinyamata, ndipo sanaupeze uli pamtendere. Panabuka nkhondo yapachiweniweni ndi Kachindamoto, wa nyumba ya Chidyaonga, mpaka Kachindamotoyo anatsikira ku Mtakataka, kumene ufumu wake uli mpaka lero.

Nkhondo imeneyi isanaiwalike, kunabwera ina yoposa. Boma la Angerezi linkafuna msonkho wa nyumba, pamene eni minda a ku Blantyre ankafuna antchito. Gomani anaona kuti anthu awo akuwapulumuka m'manja, ndipo anakana kugonjera. Mu 1896 ankhondo awo anathira nkhondo midzi yozungulira mishoni ya Zambezi Industrial Mission ku Dombole. Boma linatumiza asilikali, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Ngwenyama anagwidwa. Akuluakulu amasimba kuti anakana kuyendetsedwa pansi ali womangidwa ngati kapolo, pakuti imeneyo si njira ya inkosi. Anawomberedwa pakati pa Dombole ndi Chiole, atalamulira zaka zisanu zokha.

Manda awo ali pa Nkolimbo, pafupi ndi boma la Ntcheu. Chipilala chimene chilipo chinamangidwa mu 1927, azungu akulamulirabe, ndipo kukumbukira poyera munthu amene boma linamupha sikunali chinthu chopepuka masiku amenewo. Pa nthawiyo mwana wawo Zitonga, amene anasiyidwa ali wamng'ono, anali atakhala pampando monga Gomani Wachiwiri, likulu lawo lili ku Lizulu, komwe apaulendo amakudziwa chifukwa cha msika wa mbatata ya kachewere ndi kabichi. Iwonso anachotsedwa paufumu mu 1953 chifukwa chokana Chitaganya, namwalira chaka chotsatira.

Pa Nkolimbo pomwepo ndi pamene Angoni a kwa Maseko amasonkhana chaka ndi chaka pa mwambo wa Umhlangano, atanyamula zishango ndi nthungo, navina ngoma pafupi ndi manda a Ngwenyama.