Chilembwe adakaphunzira ku America boma osaponyapo ndi tambala yomwe

Tapisani m'thumba. Ngati mwezi sudakuthereni moipa, mwina mupezamo K500 kapena K2 000. Nkhope ili pamenepoyo mukuidziwa, ndi ya Mbusa John Chilembwe. Kusukulu adatiphunzitsa za nkhondo yake ya 1915, ndipo pa 15 Januwale timadzuka dzuwa litakwera poti ndi holide yomukumbukira. Koma pali mbali ina ya moyo wake yomwe sitiikamba kawirikawiri, chonsecho ndi yomwe ikufanana ndi zomwe achinyamata ambiri akusakasaka pafoni usiku uliwonse mpaka bandulo kutha. Chilembwe adali m'gulu la anthu oyambirira a dziko lino kukaphunzira kutsidya kwa nyanja, ndipo ndalama zomwe zidamuphunzitsa sizidali zake, sizidalinso za boma.

Ife a kuno ku Michesi nkhaniyi imatikhudza mwapadera, chifukwa ulendo womwe udakafika mpaka ku Virginia udadzathera kwathu kuno. Tibwererakonso kumeneko. Tiyambe ndi komwe adachokera.

Chilembwe adabadwa cha m'ma 1871 ku Sangano m'boma la Chiradzulu, bambo ake Myao, mayi ake Mmang'anja. Kuwerenga ndi kulemba adakuyambira m'sukulu ya mishoni ya Church of Scotland ya ku Blantyre. Nthawi imeneyo sukulu zonse zidali za amishoni. Sekondale kudalibe, yunivesite ndiye osanena. Mnyamata wanzeru ankathera pa uphunzitsi wa m'mudzi, ukalaliki kapena ukapitawo pa esiteti ya mzungu.

M'chaka cha 1892 adalembedwa ntchito yapanyumba kwa Joseph Booth, mmishonale wa ku England yemwe adafika kuno kuchokera ku Australia ndi kamwana kake kakakazi, Emily, n'kuyambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi. Chilembwe ankaphika, kutanthauzira komanso kulera mwanayo. Adabatizidwa mu 1893. Booth sadali mzungu wamba. Ankalankhula poyera kuti Africa ndi wa Aafrika, ndipo azungu anzake ankamuda nazo. Mu 1897 adanyamuka ulendo wa ku America kukafuna thandizo la ntchito yake, ndipo adamutenga Chilembwe.

Atafika kumeneko zinthu zidatembenuka. Ku America ukapolo udali utatha zaka 32 zokha m'mbuyomo, ndipo m'zigawo za kummwera malamulo ankalekanitsa azungu ndi akuda m'sitima, m'sukulu ngakhale m'matchalitchi. Mzungu ndi munthu wakuda kuyendera limodzi ngati mabwenzi chidali chinthu chodzetsa mavuto. Awiriwa adasiyana mwamtendere, ndipo Chilembwe adalandiridwa ndi mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention kudzera mwa Mbusa Lewis G. Jordan, mlembi wa nthambi yake yoona za mishoni zakunja. Mpingowu ndiwo udamulipirira sukulu ku Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg.

Taganizirani bwino za omwe adalipirawo. Sadali a mabanki kapena a boma la America. Adali akhristu akuda, ambiri mwa iwo ana a akapolo, ena akapolo omasulidwa enieniwo, omwe ankaponya kangachepe kawo m'mbale ya chopereka Lamulungu. Sikolashipu ya Chilembwe idachokera m'mbale imeneyo.

Ku Lynchburg adaona zomwe kwawo sakadaziona: koleji yoyendetsedwa ndi anthu akuda okhaokha, mkulu wake Gregory W. Hayes, munthu wosaopa kunena zakukhosi pa za ufulu wa akuda. Nthawiyo n'kuti maganizo a Booker T. Washington, akuti munthu wakuda adzikweze ndi luso la manja komanso bizinesi, ali m'kamwam'kamwa. Mbiri ya omwe adalimbana ndi ukapolo, monga John Brown ndi Frederick Douglass, idali ikadali yaiwisi. Apa ndiye pagona phindu la kuphunzira kunja. Buku ukhoza kuliwerengera paliponse, koma kuona ndi maso anthu onga iwe akuchita zomwe udauzidwa kuti sungathe kumasintha munthu.

Mu 1900 adabwerera kwawo atadzozedwa ubusa. Akadatha kutsalira konko, koma adabwera. Adagula malo okwana maekala 93 ku Mbombwe, ku Chiradzulu, n'kutsegula Providence Industrial Mission, yomwe lero timangoti PIM. Mpingo womwe udamuphunzitsa udamutumizira anthu awiri odzamuthandiza: Mbusa Landon Cheek mu 1901 ndi mayi Emma DeLany mu 1902. Choncho msewu udali wopita ndi wobwera. Mmalawi adapita ku America, Aamerika akuda adabwera ku Chiradzulu. Lero izi timazitcha kusinthana maphunziro ndi chikhalidwe, ndipo maboma amazilembera bajeti. Iwo adazichita popanda ofesi ya kazembe.

Pofika 1912, PIM idali ndi sukulu zisanu ndi ziwiri, ana pafupifupi 1 000 komanso akuluakulu pafupifupi 800 ophunzira. Mkazi wake, Ida, ankaphunzitsa amayi kusoka. Pamishonipo ankalima khofi, thonje ndi mbewu zina, ndipo adamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa chomwe chidatha mu 1913. Chilembwe ankalimbikitsa ukhondo, kuvala bwino, kupewa mowa ndi kudzidalira. Adali nawonso m'gulu la Aafrika ochita malonda omwe adayambitsa Natives' Industrial Union mu 1909. Zonsezi zidachokera pa zaka zosakwana zitatu za munthu mmodzi kusukulu yakunja.

Nanga boma la atsamunda lidali kuti? Msonkho wanyumba linkatolera mosaphonya, koma pa maphunziro a Aafrika lidayamba kupereka thandizo Chilembwe atabwerera kale, ndipo thandizolo lidali mapaundi 1 000 okha pachaka oti amishoni agawane m'dziko lonse. Kutumiza mwana wa kuno kukoleji yakunja sikudali m'maganizo awo n'komwe.

Komabe tisakometse nkhani. Ndalama ya eni ili ndi mavuto ake, ndipo Chilembwe adawalawa. Pofika 1906 Cheek ndi DeLany adali atabwerera kwawo, ndipo thandizo lochokera ku America silinkakwanira ntchito yomwe idali ikukula. Ngongole zidamupanikiza. Adadwala mphumu, maso adayamba kufooka, mwana wake wamkazi adamwalira. Sukulu zomwe zidayamba ndi chopereka cha kutsidya kwa nyanja zidayenera kuima pa matumba a anthu osauka a m'midzi yozungulira.

Anthu amenewo adali pamoto. Pafupi ndi Mbombwe padali minda ikuluikulu ya A. L. Bruce Estates ku Magomero, yomwe ankayang'anira William Jervis Livingstone. Okhala pamalowo ankagwira thangata, ntchito yokakamizidwa m'malo mwa lendi. Ambiri adali Alhomwe othawa njala ndi nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, ndipo njala ya 1912 ndi 1913 idachulukitsa othawawo. Kwa ife a ku Phalombe awa si alendo, ndi makolo athu. Eni esiteti sankafuna sukulu kapena matchalitchi a Chilembwe pamalo awo, ndipo matchalitchi audzu omwe anthu ake ankamanga kumeneko ankatenthedwa.

Kenako kudabuka nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu Sepitembala 1914 asilikali a kuno adafa ku Karonga pomenyana ndi Ajeremani. Chilembwe adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo yomwe si yawo, n'kusiya amasiye opanda wowasamala. Boma lidaitsekereza kalatayo, n'kuyamba kulingalira zomuchotsa m'dziko.

Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 anthu ake adaukira. Ku Magomero adapha Livingstone n'kumudula mutu, ndipo azungu ena awiri, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, adaphedwanso. Amayi ndi ana achizungu sadawapweteke. Gulu lina lidapita ku Blantyre kukalanda mfuti kusitolo ya Mandala, koma lidangopezako zochepa. Mawa lake Chilembwe adalalikira mutu wa Livingstone uli poonekera m'tchalitchi. Izi n'zowawa kuzimva, koma zidachitika, ndipo kumulemekeza munthu sikutanthauza kubisa magazi omwe adakhetsedwa.

M'masiku ochepa kuukirako kudazima. Asilikali adalanda Mbombwe, tchalitchi cha njerwa chija adachiphulitsa ndi mabomba. Chilembwe adathawa cholowera kummawa, kulinga malire a Mozambique. Pa 3 Febuluwale 1915 apolisi achikuda omwe ankamulondola adamupeza n'kumuombera m'dera la Migowi, kuno komwe phiri la Michesi limatiyang'ana tsiku ndi tsiku. Nthawiyo Phalombe idali mbali ya boma la Mulanje, n'chifukwa chake mabuku ambiri amangoti adafera ku Mulanje. Adamuika m'manda opanda chizindikiro kuti anthu asamakapembedzepo. Omutsatira oposa 30 adanyongedwa kapena kuomberedwa atazengedwa milandu mwachangu, ndipo pafupifupi 300 adaponyedwa m'ndende.

Pa kafukufuku yemwe boma lidachita pambuyo pake, azungu ambiri a m'maesiteti adaloza chala maphunziro. Ati amishoni akuwaphunzitsa kwambiri anthu akuda. PIM idatsekedwa. Koma mbewu idali itamera kale. Daniel Sharpe Malekebu, mwana wasukulu wa pa PIM pomwepo yemwe adatsatira mayi DeLany ku America, adamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mu 1917. Atayesa kubwerera, atsamunda adamukaniza, mpaka mu 1926 pomwe adamulola kudzatsegulanso PIM. Chaka chomwecho ndi pomwe boma lidakhazikitsa dipatimenti ya zamaphunziro. Nayenso Kamuzu Banda adapita ku America mu 1925 ndi thandizo la mpingo wa akuda wa African Methodist Episcopal, n'kudzamaliza ku Meharry komweko mu 1937. Sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, idadzatsegulidwa mu 1940, patatha zaka 40 Chilembwe atabwera ndi maphunziro a kukoleji.

Maboma adadzalowa m'bwaloli mochedwa. America idayambitsa pulogalamu ya Fulbright mu 1946, maiko a Commonwealth adakhazikitsa sikolashipu zawo mu 1959, Britain idabweretsa Chevening mu 1983, ndipo Mandela Washington Fellowship idayamba mu 2014. Amalawi ambiri adutsira makomo amenewa, ndipo ena ndi madokotala, aphunzitsi a m'mayunivesite ndi atsogoleri omwe tikuwaona lero. Maboma amenewa salipira chifukwa cha chisoni chabe. Amadziwa kuti munthu yemwe adaphunzira kwawo amakhala bwenzi lawo moyo wake wonse. N'chifukwa chake ndalamazi zimayenda ndi ndale. Mu 2025 tidaona boma la America likuimitsa kwakanthawi ndalama za mapulogalamu osinthana maphunziro, n'kutsekanso bungwe la USAID lomwe linkathandiza ntchito zambiri za maphunziro kuno. Chisankho cha ku Washington chidasokoneza mapulani a achinyamata omwe sadavote nawo. Mwini khomo akafuna kutseka, amatseka.

Moyo wa Chilembwe ukutiuza zinthu ziwiri pankhaniyi. Choyamba chikupita kwa inu amene mwadzaza mafomu mpaka zala kuwawa. Pitirizani, musatope, ndipo mwayi ukapezeka pitani. Koma sikolashipu simayezedwa ndi zithunzi za pa chipale chofewa zomwe mudzaike pa Facebook. Imayezedwa ndi chomwe chidzafike kumudzi. Chevening imalamula kuti womaliza maphunziro abwerere kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri. Chilembwe adabwera kudzakhala, ndipo ana 1 000 adaphunzira kulemba maina awo.

Chachiwiri chikupita kwa omwe amagawa misonkho yathu. Atsamunda adali ndi chifukwa chawo chosaphunzitsira Aafrika: ankaopa munthu ngati Chilembwe. Ife tidalandira ufulu mu 1964, ndiye chifukwa chimenecho chidatha. Dziko lomwe likufuna akatswiri a migodi, a khansa kapena a zanyengo silingadikire kuti nyumba ya malamulo ya dziko lina ivomereze kaye. Namondwe Freddy atagumula mapiri athu mu Malichi 2023, tidaona tokha kufunika kwa anthu odziwa za nthaka, madzi ndi nyengo, omwe amadziwanso njira ya ku Nkhulambe. Thandizo lakunja tililandire ndi manja awiri, koma likhale ndiwo, nsima ikhale yathu. Phungu wanu akadzabwera pamsonkhano, mufunseni kuti mu bajeti muli zingati zotumizira ana a kuno kukaphunzira zomwe kuno kulibe, amasankhidwa bwanji, ndipo akabwera amapeza ntchito yanji.

Musanaipereke K2 000 ija kwa wogulitsa mayunitsi, taitembenuzani. Kuseri kwa nkhope ya Chilembwe kuli chithunzi cha yunivesite ya MUST ya ku Thyolo. Ana a akapolo a ku Virginia adaona kuti n'koyenera kusonkha kuti mnyamata wa ku Chiradzulu, yemwe sadali mbale wawo, aphunzire. Mtsikana yemwe akulemba mayeso a Fomu 4 chaka chino m'munsi mwa Michesi ndi mwana wathu, ndipo ife tili ndi boma lathulathu.