PAUL KASONGA: WAKHATE WOLEMERA MWA MULUNGU

Dziko la Alamba ndilo lija m'mene muli migodi ya mkuwa, ndi midzi yaikuru ya Ndola, Kitwe ndi Luanshya. Anthu ambiri a ku Nyasaland ndi a ku Fort Jameson, kumene lero kuchedwa Malawi ndi Chipata, anapita komweko kukafuna ndalama. M'dziko lomwelo munakhala Mlamba wina amene sanakumbe mkuwa ngakhale tsiku limodzi, koma Akristu akumbukirabe dzina lace kufikira lero.

Misyoni wa Kafulafuta, kufupi ndi Luanshya, unayambika m'caka ca 1905 ndi Bambo W. A. Phillips wocokera ku Nyasaland. M'caka ca 1916 mnyamata wina, dzina lace Kaputula Kasonga, anafika kumeneko kudzaphunzira sukulu. Atamva Uthenga Wabwino anatembenuka mtima, nabatizidwa m'caka ca 1920, nalandira dzina lakuti Paul.

Akali mnyamata anagwidwa ndi nthenda ya khate. Mai Olive Doke, mmisyoni wa mpingo wa Baptist amene anafikanso ku Kafulafuta mu 1916, anamsamala zaka zambiri. Koma pang'ono pang'ono nthendayo inadya zala zace za kumanja ndi za kumapazi.

Masiku amenewo migodi inali kutseguka, ndipo anyamata anathamangira ku Nkana ndi ku Roan Antelope, nabwerako ndi njinga, majekete ndi nsapato. Kasonga analibe manja akugwira fosholo, kapena mapazi akubvala nsapato. Pamaso pa anthu anali wotsala m'mbuyo. Koma m'caka ca 1931 mtengo wa mkuwa unagwa, mgodi wa Bwana Mkubwa pafupi ndi Ndola unatsekedwa, ndipo anthu zikwi zambiri anacotsedwa nchito, nabwerera kwao manja lende.

Pa zaka zomwezo cuma ca Kasonga cinayamba kuonekera. Anakhala mtsogoleri wa mpingo pakati pa Alamba, poyamba ku Kafulafuta, pambuyo pace ku Fiwale Hill. Analalikira ndi mphamvu m'cinenero ca anthu ace, nayanjanitsa mabanja osweka, nabweza Akristu olowerera, natumiza makalata ku mipingo ya kutali. Anathandizanso amisyoni kusandutsa Mau a Mulungu m'Cilamba. Pamene anakanika kuyenda, anthu anadza okha ku nyumba yace, amoyo wangwiro kudzapempha nzeru kwa wakhate. Anadzozedwa ubusa mu 1953, pamodzi ndi Anasi Lupunga ndi Bob Litana, namwalira mu 1954. Buku Lopatulika lonse la Cilamba linasindikizidwa mu 1959, iye atagona kale.

Kugwira nchito ya malipiro sikuli kucimwa, pakuti mwana afuna cobvala, ndi mpingo ufuna copereka. Coopsa ndico kuika mtima wonse pa zinthu zimene mtengo wace ukwera lero nugwa mawa. Njinga zija zinacita dzimbiri kalekale, koma mipingo imene Kasonga anaidyetsa ikalipo m'dziko la Alamba.

Tsono Mkristu ali yense, pakuwerenga matumba a cimanga ndi ndalama za fodya caka cino, awerengenso Mateyu 6:19-21 ndi Luka 12:13-21, nadzifunse yekha kumene nkhokwe yace yeniyeni iri.