Natsume Soseki: Mphunzitsi wa Chingerezi Amene Adasowa Mtendere ku London

M'nkhani zathu za anthu otchuka amene adasiya kwawo kukafuna nzeru kutali, lero tikambe za mphunzitsi wina wa ku Japan, dzina lake Natsume Soseki. Ambiri mwa inu amene mwatsiriza sukulu, ndiponso inu aphunzitsi anzanga, mumalakalaka tsiku limene mudzasankhidwe kupita kunja kukaphunzira. Chilakolako chotere n'chabwino. Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope, ndipo moyo wa munthu ameneyu ukutionetsa mvulayo pamodzi ndi matope ake omwe.

Soseki adabadwa pa 9 Febuluwale, 1867, mu mzinda wa Edo umene lero ndi Tokyo. Dzina lake lobadwa nalo lidali Kinnosuke; la Soseki adadzitcha yekha atayamba kulemba. Iye adali mzime m'banja la ana ambiri, ndipo popeza makolo ake adali atakalamba kale, sadamulandire ndi manja awiri. Adakamupereka ku banja lina kuti limulere, ndipo adabwerera kwa makolo ake ali ndi zaka 9, ukwati wa omulerawo utatha. Motero kuyambira paubwana adadziwa kuwawa kwake kwa kukhala mlendo m'nyumba ya eni.

M'chaka cha 1868 ulamuliro wa dziko la Japan udasintha. Atsogoleri atsopano, olamula m'dzina la mfumu Meiji, adatsimikiza mtima kuti dziko lawo lisagwe m'manja mwa maiko a Azungu, ndipo adaona kuti njira yodzitetezera ndiyo kuphunzira nzeru za Azungu omwewo: za njanji, za sitima, za mankhwala, za malamulo, ndiponso zilankhulo zawo. Chingerezi chidasanduka khomo lolowera ku maphunziro apamwamba. Mtima wa mnyamata Kinnosuke udali pa mabuku akale a Chitchaina, ndipo poyamba Chingerezi adadana nacho. Koma ataona kuti popanda icho sangapite patali, adachigwira mwamphamvu. M'chaka cha 1890 adalowa m'sukulu ya ukachenjede ya ku Tokyo kukaphunzira mabuku a Chingerezi, ndipo adatsiriza mu 1893. Adakaphunzitsa ku Matsuyama mu 1895, kenaka ku Kumamoto mu 1896, kumene adakwatira mayi Kyoko.

Anthu ankamuyesa katswiri, koma iye mumtima adali ndi chikayiko. Pa mayeso mphunzitsi wake, James Main Dixon wa ku Scotland, ankafunsa chaka chimene mlembi wakutiwakuti adabadwa ndi mndandanda wa mabuku ake. Soseki ankayankha bwino zonsezi, komabe adatuluka m'sukulumo asakudziwa kuti kukoma kwa mabukuwo kuli pati. Ankaima pamaso pa ana kuphunzitsa zimene iye mwini sadazikhulupirire kwenikweni.

M'chaka cha 1900, ali ndi zaka 33, Unduna wa Zamaphunziro udamusankha kuti apite ku Mangalande kwa zaka ziwiri kukazama m'chilankhulo cha Chingerezi. Iye sadapemphe mwayi umenewu, ndipo adavomera monyinyirika. Adasiya mkazi wake ali woyembekezera, pamodzi ndi mwana wamkazi wamng'ono, nakwera sitima ya pamadzi ku Yokohama m'mwezi wa Sepitembala. Adadzera ku Paris, ndipo adafika ku London pa 28 Okutobala.

Vuto loyamba lidali kusankha sukulu. Boma linkamupatsa ndalama zokwana 1,800 yen pa chaka, zimene kwawo zidali zambiri koma ku Mangalande zidali zoperewera. Adapita ku Cambridge kukaona, ndipo adapeza kuti ophunzira a kumeneko ambiri adali ana a anthu olemera, amene ankamvera aphunzitsi m'mawa, kuchita masewera masana, ndi kudyera pamodzi madzulo atavala bwino. Thumba lake silikadatha moyo wotere. Adaganizako za Edinburgh, kumene zinthu zidali zotsika mtengo, koma adaopa kuti akatengera katchulidwe ka mawu ka anthu a ku Scotland, pamene boma lidamutuma kukatenga Chingerezi choti adzaphunzitse ena. Tsono adakhazikika ku London, nalembetsa pa University College kuti azimvera maphunziro a Pulofesa W. P. Ker, katswiri wa mabuku akalekale.

Patangopita miyezi yowerengeka yokha adaleka. Adaona kuti zimene ankamva m'kalasi akadatha kuziwerenga yekha, ndipo ulendo wopita ndi kubwera unkamudyera nthawi ndi ndalama. M'malo mwake adapangana ndi William James Craig, mkulu wa ku Ireland wodziwa kwambiri zolemba za Shakespeare, kuti azimuphunzitsa payekha kamodzi pa mlungu, ndipo adachita zimenezi pafupifupi chaka chathunthu. Poleka kupita ku koleji adapulumutsadi ndalama, koma adatayanso malo okhawo kumene akadakumana ndi ophunzira anzake tsiku ndi tsiku.

Vuto lachiwiri lidali chilankhulo chomwe chija chimene ankadziyesa kuti akuchidziwa. Chingerezi cha m'mabuku ndi cha m'misewu ya London zidali ngati zilankhulo ziwiri. Munthu amene adawerenga Shakespeare ankalephera kumva zonena za mtsikana wantchito wa pa nyumba imene ankakhala. Komanso eni dziko, pomuona nkhope yake, ankamuyesa mbuli: ena ankamufunsa ngati akudziwa tanthauzo la timawu tapafupi timene ngakhale mwana wa sukulu amatidziwa. Iye ankangokhala chete, koma mumtima zinkamupweteka.

Panalinso za thupi lake. Soseki adali wamfupi, ndipo nkhope yake idali ndi zipsera za nthomba imene adadwala ali mwana. Pakati pa Angerezi ataliatali ankadziona wochepa. Tsiku lina akuyenda mumsewu adaona kamunthu kachilendo kakubwera kutsogolo kwake, ndipo atayandikira adazindikira kuti chidali chithunzithunzi chake m'galasi. Pa maliro a Mfumukazi Victoria, m'mwezi wa Febuluwale 1901, mwini nyumba yake adachita kumunyamula paphewa kuti aone mdipiti wa malirowo. Utsi wa malasha ndi nkhungu zinkaphimba mzindawo m'nyengo yachisanu. Makalata ochokera kwa mkazi wake ankatenga milungu yambiri panyanja, ndipo adali owerengeka. Adasamuka kanayi konse, nakhala m'nyumba zisanu za lendi, kufunafuna malo otsika mtengo ndi abata. Ndalama zambiri ankagulira mabuku, mazanamazana, kotero kuti masiku ena chakudya chake chamasana chinkakhala mabisiketi ndi madzi basi.

M'mwezi wa Meyi 1901 kudadza mlendo, ndipo paja mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ameneyu adali Ikeda Kikunae, Mjapani mnzake, katswiri wa sayansi amene ankachokera ku maphunziro ku Leipzig m'dziko la Germany. Ndi yemweyu amene mu 1908 adatulukira gwero la kakomedwe kena ka zakudya kamene Ajapani amakatcha umami. Anthu awiriwa adakhala m'nyumba imodzi ku Tooting kwa milungu ingapo, ndipo ankacheza mpaka usiku. Soseki adachita chidwi poona kuti mnzakeyu adalibe mantha ndi Azungu, pakuti zoona za sayansi n'zomwezo ku Leipzig ndi ku Tokyo, ndipo aliyense angathe kuziyesa yekha. Apa adadzifunsa chifukwa chimene iye, pa nkhani ya mabuku, ankadikira kuti Mngerezi ayambe wanena kuti ichi n'chokoma asanavomere.

Funso limeneli lidasintha moyo wake. Adazindikira kuti zaka zonse zija ankangobwereka maganizo a ena ndi kuwavala ngati malaya osamukwana. Ngati Mngerezi wayamikira ndakatulo, amenewo ndi maganizo a Mngerezi, oyenera kuwamva ndi kuwalemekeza. Koma Mjapani si kapolo wa Mngerezi, ndipo ngati iye sakumva kukomako sayenera kunamizira. Ayenera kufufuza chifukwa chimene makutu awiriwa akusiyanira. M'mwezi wa Julayi 1901 adasamukira ku Clapham, m'nyumba ya amayi awiri apachibale a banja la Leale, nayamba ntchito yaikulu yofufuza kuti zolembalemba n'chiyani kwenikweni, ndipo zimagwira bwanji mtima wa munthu. Adawerenga mabuku a za maganizo a munthu, za chikhalidwe cha anthu ndi za sayansi, nadzaza makope ambiri ndi timalemba ting'onoting'ono.

Koma ntchito yabwinoyi adaichita m'njira yoopsa. Adadzitsekera m'chipinda miyezi yambiri, osacheza ndi Angerezi kapena Ajapani anzake. Paja kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Adayamba kukayikira aliyense, kuganiza kuti anthu akumuzonda ndi kumunena. Nthawi yotumiza lipoti la maphunziro ake ku Unduna itakwana, adatumiza pepala losalembapo kanthu. Eni nyumba adada nkhawa, ndipo mbiri idafika mpaka ku Tokyo kuti Natsume wazungulira mutu. Pofuna kumutulutsa m'chipindamo adamulimbikitsa kuphunzira kupalasa njinga, ndipo adagwa nayo kambirimbiri m'misewu ya Clapham. M'mwezi wa Okutobala 1902 adakapuma ku Pitlochry, pakati pa mapiri a ku Scotland, kumene adapezako mtendere pang'ono. Posakhalitsa adalandira uthenga woti bwenzi lake lapamtima, mlakatuli Masaoka Shiki, adamwalira mu Sepitembala atadwala chifuwa chachikulu zaka zambiri. Mu Disembala adakwera sitima yobwerera kwawo, ndipo adafika mu Januwale 1903.

Atafika adapatsidwa ntchito yophunzitsa mabuku a Chingerezi pa sukulu ya ukachenjede ya ku Tokyo, m'malo mwa Lafcadio Hearn, mphunzitsi wochokera kunja amene ophunzira ankamukonda kwambiri. Poyamba ophunzirawo sadakondwere naye, poti kaphunzitsidwe kake kadali kouma. Matenda a maganizo aja nawonso sadatsale ku London. Adabwera nawo kunyumba, ndipo mkazi wake ndi ana ake adazunzika ndi ukali wake. Izi sitingazibise pofuna kumutamanda.

Chithandizo chidachokera kwa Takahama Kyoshi, wophunzira wa malemu Shiki, amene adamulangiza kuti alembeko kankhani kuti mtima upepuke. Mu Januwale 1905 adatulutsa gawo loyamba la nkhani yoseketsa, Wagahai wa Neko de Aru, m'mene mphaka wopanda dzina akufotokoza za mbuye wake, mphunzitsi wa Chingerezi wa m'mimba movutavuta. Anthu adaikonda kwabasi. Mu 1906 adalemba Botchan, nkhani ya mphunzitsi wachinyamata pa sukulu ya kutali ndi mzinda waukulu. Mu 1907 zofufuza za ku Clapham zija zidasindikizidwa m'buku lotchedwa Bungakuron, ndipo m'mawu ake oyamba adaulula kuti zaka ziwiri za ku London zidali zowawa koposa zonse za moyo wake. Chaka chomwecho adadabwitsa anthu posiya ntchito yaulemu ya pa sukulu ya ukachenjede nakalowa ku nyuzipepala ya Asahi, kumene nkhani zake zinkatuluka gawo ndi gawo tsiku lililonse. Mu 1911 Unduna wa Zamaphunziro udamupatsa digiri yaulemu ya udokotala, koma iye adaikana. Mu 1914 adalemba Kokoro, kutanthauza mtima, buku lonena za kusungulumwa kwa munthu wophunzira, limene ana a sukulu ku Japan amawerenga mpaka lero.

Taonani chinthu ichi: munthu amene boma lidamutuma kukatenga Chingerezi adalemba nkhani zake zonse zotchuka m'Chijapani. Chingerezicho sichidapite pachabe. Kuchokera kwa olemba a ku Mangalande adaphunzira kamangidwe ka nkhani yaitali ndi kafufuzidwe ka zobisika za mumtima, ndipo zida zimenezi adakalimira m'munda wa kwawo. Mu Novembala 1914, polankhula kwa ophunzira a pa sukulu ya Gakushuin, adafotokoza kuti mphamvu yodziimira payekha adaipeza m'chipinda chija cha ku London. Adavomeranso kuti ngakhale sadalikonde dziko la Mangalande, adasirira m'mene Angerezi amalemekezera ufulu wa anzawo monga momwe amakondera wawo.

Soseki adamwalira pa 9 Disembala, 1916, ndi zilonda za m'mimba, ali ndi zaka 49, nasiya buku lake lomaliza lisanathe. Kuyambira mu 1984 mpaka 2004 nkhope yake inkasindikizidwa pa ndalama ya pepala ya 1,000 yen, ndipo mu 2002 Angerezi adakhoma chikwangwani chomukumbukira pa nyumba ija ya ku Clapham.

Tsono inu amene mukukonzekera ulendo wa maphunziro, musaganize kuti kukhoza mayeso a Chingerezi ndiye kuti mwafika. Masiku oyamba mudzamva ngati lilime lanu lamangika, ndipo ena adzakuyesani osadziwa kanthu. Zimenezi zidamugwera ngakhale katswiri ngati Soseki. Tengerani kulimba mtima kwake kokana kuombera m'manja chinthu chimene simudachimvetse. Koma chipinda chotseka chija musatengere. Nzeru imene adaipeza idayambira pa kucheza ndi mnzake ku Tooting, ndipo matenda amene adasautsa banja lake adakulira pamene adadzipatula ku Clapham. Nafenso aphunzitsi tidzifunse pamene tikukonza mayeso a mawa: kodi tikufunsa ana chaka chimene mlembi adabadwa chokha, kapena tikuwapatsanso mpata wonena chimene iwo eni amva powerenga?