MAI FLORENCE NIGHTINGALE NDI ZITSIME ZA KUMIDZI

Ambiri a ife dzina la Florence Nightingale tinalimva kusukulu, kapena kwa ana athu amene anaphunzira unasi. Cithunzi cimene timakumbukira ndi ca mai wonyamula nyale usiku, akuyendera asilikali odwala. Cithunzico ndi coona, koma nchito ya nyaleyo siinakwane ndi zaka ziwiri zomwe, pamene mwini wake anakhala ndi moyo zaka 90. Zaka zambiri zotsalazo anazithera pa nkhani zimene anthu sakonda kuzichula pagulu: zimbudzi, ngalande, makola a nkhumba ndi madzi akumwa. Tiyeni tione moyo wao, makamaka zimene anacitira anthu a kumidzi.

UBWANA NDI MAITANIDWE

Mai Nightingale anabadwa pa 12 May 1820 mu mzinda wa Florence ku Italy, kumene makolo ao anali paulendo, ndipo dzina lao linacokera ku mzindawo. Banja lao linali la Angelezi olemera, lokhala ndi nyumba zazikulu ziwiri kumidzi: Lea Hurst m'cigawo ca Derbyshire ndi Embley m'cigawo ca Hampshire. Atate ao anawaphunzitsa okha panyumba pamodzi ndi mkulu wao Parthenope, ndipo mtsikanayu anakonda kwambiri masamu.

Pa 7 February 1837, ali ndi zaka 16, anamva kuti Mulungu awaitana kuti amtumikire. Poyamba sanadziwe kuti utumikiwo udzakhala wotani. Anayamba kuyendera odwala m'midzi yozungulira kwao, ndipo m'menemo ndi mmene anaonera ndi maso ao moyo wa anthu olima minda ya eni ake. M'caka ca 1845 anapempha kukaphunzira kusamala odwala pa cipatala ca Salisbury. Amai ao ndi mkulu wao anakana kwamtuwagalu, cifukwa masiku amenewo unasi unali nchito yonyozeka, yosayenera mwana wa pabanja lomveka. Anadikira zaka zina zisanu ndi cimodzi. Anakananso ukwati wa mwamuna amene anamkonda, poopa kuti maitanidwe ao angafere m'nyumba.

MMENE MIDZI YA KU ENGLAND INALILI

Tikamva za ku Ulaya timaganiza kuti ukhondo anabadwa nao. Sizinali conco ai. M'zaka zimenezo banja la wanchito wa pafamu linali kukhala m'kanyumba ka cipinda cimodzi kapena ziwiri, pansi ponyowa, mazenera aang'ono osatsegulidwa. Cimbudzi cinali dzenje limene mabanja angapo anali kugwiritsa nchito limodzi. Pafupi ndi khomo panali khola la nkhumba ndi dzala. Citsime cinali cosazama, ndipo nthawi zambiri cinakumbidwa mapazi owerengeka kucokera pa dzenje lija. Ena anali kutunga pa dziwe lomwe ng'ombe zinali kumwapo. Mvula ikagwa, zonyansa zinali kulowerera m'nthaka mpaka kufika m'madzi akumwa.

Zotsatira zake zinali maliro. M'caka ca 1839 matenda a taifodi anabuka m'mudzi wa North Tawton m'cigawo ca Devon. Dokotala wa pamudzipo, William Budd, anali kudziwa pafupifupi banja lililonse, tsono anatha kulondola mmene nthendayo inayendera. Anaona kuti anthu ena amene anacoka pamudzipo akudwala anakaibzala ku midzi ina, ndipo anafika pozindikira kuti imafalikira kudzera m'cimbudzi ca wodwala. Ambiri sanammvere. Kumapeto kwa 1867 taifodi inagwa m'mudzi wa Terling m'cigawo ca Essex. Mwa anthu pafupifupi 900, anthu pafupifupi 300 anadwala ndipo oposa 40 anamwalira. Dokotala amene boma linatumako anapeza kuti madzi a m'zitsime anatsika cifukwa ca cilala, ndipo mvula itabwera anakwera pamodzi ndi zonyansa za m'nthaka. Kuwonjezera pa taifodi panali kutsegula m'mimba kwa makanda, cifuwa cacikulu, ndi matenda a pakhosi ochedwa diphtheria amene anali kupha ana ambiri.

KWA ATUMIKI AAKAZI NDI KU NKHONDO

Khomo linatseguka m'caka ca 1851, pamene Mai Nightingale anakakhala miyezi itatu ku Kaiserswerth m'dziko la Germany. Kumeneko Abusa Theodor Fliedner anali atayambitsa m'caka ca 1836 nyumba yophunzitsa atumiki aakazi a mpingo kusamala odwala, ana amasiye ndi akaidi omasulidwa. Anaona azimai wamba, ambiri a iwo ocokera kumidzi, akugwira nchitoyo mwadongosolo ndi mwapemphero. M'caka ca 1853 anapatsidwa udindo woyang'anira kacipatala ka azimai mu msewu wa Harley ku London.

Nkhondo ya ku Crimea itayamba, pamene Britain, France ndi Turkey anali kumenyana ndi Russia, nduna ya boma Sidney Herbert inawapempha kutsogolera gulu la manasi. Mu November 1854 anafika ndi manasi 38 pa cipatala ca asilikali ku Scutari, dera limene lero lili mbali ya mzinda wa Istanbul ku Turkey. Anapeza odwala atagona mothithikana, opanda zofunda zokwanira, nsabwe ndi makoswe ponseponse. Anayamba kukolopa, kucapa, kukonza zakudya ndi kugula zovala. Koma ngakhale anagwira nchito usana ndi usiku, asilikali anapitirira kufa, ndipo ambiri sanafe ndi zilonda za kunkhondo koma ndi kamwazi, kolera ndi taifodi.

Mu March 1855 boma linatuma akatswiri a zaukhondo. Iwo anapeza kuti cipatalaco cinamangidwa pamwamba pa ngalande zotsekeka, ndipo mu mgwero wa madzi munali kavalo wakufa. Anatsuka ngalandezo, anacotsa nyama zakufa, anatsegula malo olowera mpweya. Mu February, mwa odwala 100 alionse anali kufa pafupifupi 42. Pofika mu June anali kufa 2. Phunziro limeneli linawakhala mu mtima moyo wao wonse: cifundo pa bedi la wodwala ncofunika, koma ngati madzi ali oipa, manda adzadzazabe.

NCHITO YA PA BEDI

Ali kunkhondo komweko anadwala malungo aakulu, amene madokotala ambiri lero aganiza kuti anali brucellosis. Anabwerera kwao mu 1856 ali wochuka dziko lonse, koma thupi litafooka. Kuyambira 1857 zaka zambiri anazithera m'cipinda, akulemba makalata zikwizikwi ndi kuitana nduna ndi madokotala kuti abwere kudzakambirana nao. Pothandizana ndi katswiri wa ziwerengero William Farr, anaonetsa ndi manambala ndi zithunzi kuti uve unapha asilikali ambiri kuposa zipolopolo.

M'caka ca 1860 anatsegula sukulu ya unasi pa cipatala ca St Thomas ku London. Buku lao lochedwa Notes on Nursing linalembedwera azimai a panyumba, ndipo mu 1861 anatulutsa lina lotsika mtengo la mabanja a anchito. M'bukumo anachula zinthu zisanu zofunika pa nyumba ya thanzi: mpweya wabwino, madzi abwino, njira yotayira madzi oipa, ukhondo ndi kuwala kwa dzuwa. Anagwiranso nchito zaka zambiri pa za madzi ndi zimbudzi m'midzi ya ku India, ngakhale kuti sanapondeko.

Tisabise kuti panali cimene anaphonya. Kwa zaka zambiri anali kukhulupirira, monga madokotala ambiri a nthawi yao, kuti matenda amadza ndi fungo loipa. Tizilombo ta taifodi tinaoneka koyamba mu 1880, ndipo Robert Koch anafotokoza ta kolera mu 1884. Pa ukalamba wao Mai Nightingale anavomereza nzeru yatsopanoyi, mpaka anapempha kuti anthu a m'midzi ya ku India aonetsedwe zithunzi za tizilombo ta m'madzi. Sanacite manyazi kusintha maganizo.

AMISHONI A ZAUMOYO

Lamulo la 1872 linagawa dziko la England m'madera a zaukhondo, ndipo dera lililonse la kumidzi linayenera kukhala ndi dokotala woyang'anira zaumoyo ndi woyendera ukhondo. Njira zothetsera vuto zinali kudziwika. Mwacitsanzo Abusa Henry Moule a ku Fordington m'cigawo ca Dorset, ataona kolera ikupha anthu ao, anapanga mu 1860 cimbudzi cothiramo dothi louma nthawi iliyonse munthu akadzithandiza. Koma lamulo linali pa pepala. Madokotala ambiri a kumidzi anali kulandira malipiro ocepa, ndipo eni nyumba sanafune kutaya ndalama pokonza tinyumba ta anchito ao.

Mkulu wao Parthenope anakwatiwa mu 1858 ndi Sir Harry Verney wa ku Claydon m'cigawo ca Buckinghamshire, ndipo pa ukalamba wao Mai Nightingale anali kukhalako kawirikawiri. Anamva za zitsime zoipa ndi matenda a m'midzi yozungulira. Anaona kuti woyendera ukhondo angathe kulamula kuti dzala licotsedwe, koma sangathe kusintha zimene zimacitika m'nyumba tsiku ndi tsiku. Wotunga madzi, wophika, wosambitsa mwana ndi wotaya zonyansa za wodwala anali mai wa panyumba, ndipo panalibe amene anamphunzitsapo.

Tsono mu 1891, ali ndi zaka 71, anagwirizana ndi Frederick Verney, mwana wa Sir Harry, amene anali wapampando wa komiti ya maphunziro a nchito zamanja kumpoto kwa cigawoco pansi pa khonsolo. Anakonza zophunzitsa azimai kuti akhale amishoni a zaumoyo. Dokotala George De'Ath wa ku Buckingham ndiye anawaphunzitsa, ndipo anali kuwatenga kupita nao m'midzi kuti akaone okha zitsime ndi zimbudzi. Azimai 16 analowa maphunzirowo, 12 analemba mayeso, ndipo 6 anapambana nayamba nchito mu 1892.

Mmishoni anali kuyamba ndi msonkhano wa azimai pamudzi, kulankhula mau osavuta za madzi, mkaka, cipinda cogona, kuseri kwa nyumba, kasamalidwe ka khanda, ndi zocita podikira dokotala. Koma Mai Nightingale anaumirira kuti msonkhano ndi ciyambi cabe. Nchito yeniyeni inali kulowa m'nyumba imodziimodzi, ataitanidwa ndi mwini wake, kukhala pansi, kumvetsera mavuto ake, ndi kuonetsa ndi manja mmene cinthu cicitikira. Mmishoni sanayenere kufika ngati wapolisi wodzapeza zolakwa, koma ngati bwenzi. Akapeza vuto loposa mphamvu za maiyo, monga citsime coipa, anali kukauza dokotala wa boma. Maganizo amenewa anawalemba m'kalata yochedwa Rural Hygiene, imene inawerengedwa pa msonkhano wa azimai ku Leeds mu 1893. Nchito yaing'ono imeneyi ndi umodzi wa mizu ya manasi oyendera mabanja ku Britain.

MASIKU OTSIRIZA

M'zaka zotsiriza maso ao anacita khungu ndipo nzeru zinayamba kufooka. Mu 1907 anakhala mkazi woyamba kulandira ulemu wa Order of Merit. Anamwalira ku London pa 13 August 1910. Panali ganizo lowaika ku Westminster Abbey pamodzi ndi anthu omveka, koma acibale anatsata cifuniro cao nawaika kumudzi, pa manda a chalichi ca St Margaret ku East Wellow, pafupi ndi Embley. Pa mwala wa banja, mbali yao ili ndi kamtanda, zilembo ziwiri za dzina lao, ndi masiku a kubadwa ndi kumwalira basi. Tsiku lao lobadwa, 12 May, ndilo tsiku lokumbukira manasi pa dziko lonse.

NANGA IFE?

Azimai anzanga, matenda amene anavutitsa North Tawton ndi Terling ife sitiwamva m'mabuku okha. Kolera ya mu 2023 ndi 2024 inapha anthu oposa 700 muno m'Zambia, masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo bwalo la National Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala. Njira ya nthendayi ndi yomwe ija: kucokera ku cimbudzi, kupita ku madzi ndi m'manja, kenaka m'kamwa. Ngakhale Aisrayeli m'cipululu analamulidwa kukumba ndi kufotsera zonyansa kunja kwa msasa, monga tiwerenga pa Deuteronomo 23.

Ife a Cigwirizano tiyendera odwala kale, ndipo makomo a anthu ndi otseguka kwa ife. Tikapita ndi ufa ndi pemphero, tionenso kumene banjalo litunga madzi. Kodi citsime cili kutali ndi cimbudzi, ndi kumtunda kwake? Kodi cimbudzi cili ndi cotsekera pa dzenje kuti nchenche zisalowe? Kodi pali madzi ndi sopo kapena phulusa zosambira m'manja? Kodi madzi akumwa awiritsidwa kapena athiridwa klorini, ndipo asungidwa m'cigubu cotseka? Tifunse mwaulemu, osati monyoza, ndipo tiyambe ndi pakhomo pathu. Kumene gogo alibe womukumbira cimbudzi, tiuze akulu a mpingo ndi acinyamata. Ku Buckinghamshire anayamba ndi azimai 6 okha. Pa dera lanu muli angati?

Ambuye akudalitseni pa utumiki wanu.