William Koyi, mphunzitsi wachilendo amene anamwalira sukulu yake isanatsegulidwe

Akhristu ambiri a kuno ku Chitawira amadutsa pa HHI akamapita ku Ndirande kapena ku Chileka, ndipo amalidziwa tchalitchi la njerwa la St Michael and All Angels limene linamalizidwa mu 1891. Pamalo omwewo, tchalitchilo lisanamangidwe, panagwirapo ntchito mphunzitsi wina wachikuda wochokera ku South Africa, dzina lake William Koyi. Iye sanali Mkatolika. Anabwera ndi mishoni ya Free Church of Scotland, imene inabala Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP, ndipo anafika m'dziko muno mu 1876, kutatsala zaka 25 kuti ansembe a chipani cha Montfort afike ku Nzama m'boma la Ntcheu. Moyo wake ukuonetsa kuti ntchito ya mphunzitsi amene ali kudziko la eni imayamba ndi momwe akukhalira ndi eni mudzi tsiku ndi tsiku, ngakhale ana asanalowe m'kalasi.

Koyi anabadwa mu 1846 kufupi ndi Thomas River, m'chigawo cha Eastern Cape, ndipo anali wa mtundu wa Amaxhosa. Ali mwana sanapite kusukulu. Atakula anayamba ganyu yotsogolera ng'ombe zokoka ngolo, kenaka anagwira ntchito pamalo otsukira ubweya wa nkhosa ku Uitenhage, ndipo pambuyo pake analembedwa ntchito m'sitolo ku Port Elizabeth. Kuwerenga anakuphunzira ali wamkulu kale. Tsiku lina anatola kachidutswa ka pepala losindikizidwa m'Chixhosa, ndipo kudzera m'pepalalo anadziwa za sukulu ya Lovedale, kufupi ndi tauni ya Alice. Mu 1871, ali ndi zaka 25, ananyamuka wapansi ulendo wa makilomita pafupifupi 240 kukapempha malo pasukulupo. Anamulandira, ndipo anakhalapo zaka zisanu.

Mu 1876 mkulu wa sukuluyo, Dr James Stewart, anapempha anyamata odzipereka kuti akathandize pa mishoni yatsopano ya Livingstonia, imene inali itakhazikitsidwa chaka cham'mbuyo ku Cape Maclear, m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Koyi ankadziwa kuti anzake ambiri ankamuposa m'kalasi. Podzipereka anakumbukira fanizo la matalente la m'Mthenga Wabwino wa Mateyo, nadziyerekeza ndi wantchito amene analandira theka chabe la talente, ndipo anati ngakhale atangopatsidwa ntchito yotema nkhuni ndi kutunga madzi, apita ndithu. Anasankhidwa pamodzi ndi anzake atatu: Shadrach Mngunana, Mapassa Ntintili ndi Isaac Williams Wauchope.

Ulendowo unawatengera miyezi. Anayenda pa sitima ya pamadzi mpaka ku Quelimane, kenaka pa mabwato mumtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, wapansi polambalala mathithi, mpaka anafika ku Cape Maclear mu Okutobala 1876. Dziko lachilendo silinawachitire chifundo. Wauchope anadwala ndipo anabwezedwa kwawo. Mngunana, amene ankaphunzitsa pasukulu ya ku Cape Maclear, anamwalira mu 1877, asanathe ndi chaka chomwe. Pa anayi aja panatsala awiri.

Nthawi yomweyo mishoni ya Blantyre, imene inayamba mu Okutobala 1876 pamalo amene anasankha Henry Henderson, inali pamavuto chifukwa inalibe mbusa ndipo ntchito siinkayenda. Atapempha thandizo ku Livingstonia, Koyi ndi Ntintili anali m'gulu la amene anatumizidwa kuno. Ntintili anali mmisiri wa matabwa, pamene Koyi ankathandiza pa mapemphero ndi pa sukulu. Anali ataphunzira Chinyanja, choncho ankatha kulankhula ndi anthu popanda womasulira.

Koma mphatso yake yaikulu inaonekera mu 1878, pamene anaperekeza Dr Robert Laws pa ulendo wokaona madera a kuzambwe kwa nyanja. Kumeneko anakumana ndi Angoni, poyamba a Inkosi Chikuse cha ku Dedza, kenaka a kumpoto. Makolo a Angoni a kumpotowa anachoka kummwera kwa Africa pansi pa Zwangendaba ndipo anaoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kunachita kadamsana. Chilankhulo chawo chinali pa ubale ndi Chixhosa. Zimene azungu ankalephera kumva, Koyi ankazimva. Ankadziwanso mwambo wake: polowera m'mudzi wa mfumu, pokhala pabwalo, nthawi yolankhula ndi nthawi yokhala chete. Angoni ankamutchula kuti Mtusane.

Atapita kwawo kutchuthi mu 1880, Koyi anakwatira. Akanatha kukhazikika konko monga anachitira Ntintili, koma anabwerera, ndipo mkazi wake anamutsatira patapita nthawi. Mu 1882 anakakhala ku Njuyu, kufupi ndi mtsinje wa Kasitu m'boma la Mzimba la masiku ano, m'dziko la Inkosi M'mbelwa. Anapita kumeneko kuti akatsegule sukulu, koma mfumu ndi nduna zake anakana.

Angoni anali ndi zifukwa zawo. Chuma ndi ulemu wa mtundu wawo zinkachokera ku nkhondo, ndipo nduna zinkaopa kuti anyamata akaphunzira za m'buku adzayamba kukana kunyamula chishango ndi nthungo. Zinkawapwetekanso mtima kuti likulu la mishoni, limene linasamukira ku Bandawe mu 1881, linali pakati pa Atonga, anthu amene Angoni ankawatenga ngati akapolo awo othawa. Iwo ankafuna kuti amishoni asiye Atonga ndi kudzakhala kwa Angoni okha. Choncho Koyi analoledwa kukhala ndi kupemphera, koma osati kusonkhanitsa ana.

Zinakhala choncho kwa zaka zinayi. Masiku ake ambiri ankathera pa zinthu zimene munthu wongodutsa sakanazitcha uphunzitsi. Ankakhala pansi ndi madoda kukhola la ng'ombe, kumene amuna a Chingoni ankakambirana nkhani za mudzi, n'kumamvetsera. Ankalandira alendo amene ankabwera kudzapempha nsalu ndi mikanda, ena mwaulemu, ena moopseza. Mfumu ikatumiza uthenga kwa Dr Laws ku Bandawe, kapena Dr Laws akatumiza wake, mawuwo ankadzera mwa Koyi, ndipo ankayenera kuwafikitsa moona koma mosaputa mkwiyo, podziwa kuti mawu amodzi olakwika akanatha kutumiza nkhondo kunyanja. Makalata ochokera kwawo ankatenga miyezi kuti amupeze. Malungo sankamusiya nthawi yaitali. Mnzake wa ku Scotland, James Sutherland, amene anadzakhala naye ku Njuyu monga katswiri wa zaulimi, anamwalira mu 1885 ndipo anaikidwa pomwepo.

Pakati pa zonsezi panali kachinthu kamodzi kolimbitsa mtima. Ana a sing'anga wina dzina lake Kalengo Tembo anayamba kubwera kunyumba ya mishoni usiku, mozemba, kuti aphunzire kuwerenga. Sukulu yonse ya Koyi ndi anzake inali imeneyo: anyamata owerengeka amene ankabwera anthu atagona. Iwo anali ataona kwa nthawi yaitali momwe mlendoyu ankakhalira, kuti sankanyoza anthu, sankanyamula chida, ndipo zimene wanena lero sankazisintha mawa.

Mu 1885 kunafika sing'anga wa ku Scotland, Dr Walter Elmslie, amene pambuyo pake analemba mbiri ya masiku amenewa ndipo anavomereza kuti Koyi ndiye anamutsegulira njira. Kumayambiriro kwa 1886 mvula inachedwa, mbewu zinayamba kufota, ndipo nsembe za kwa makolo sizinathandize. Nduna zinapempha amishoni kuti apemphere kwa Mulungu wawo. Mapemphero anachitika ku Njuyu, ndipo posakhalitsa mvula inagwa. Patapita miyezi ingapo bwalo la Inkosi M'mbelwa linagamula kuti sukulu zitsegulidwe.

Uthengawo unamupeza Koyi ali chigonere, akudwala kwambiri. Atamva, anathokoza Mulungu ndi pemphero la nkhalamba Simeoni la m'Mthenga Wabwino wa Luka, pemphero lomwe Eklezia amanena usiku uliwonse asanagone. Anamwalira pa 4 Juni 1886 ali ndi zaka pafupifupi 40, ndipo manda ake ali ku Njuyu. Sukulu inatsegulidwa kumapeto kwa chaka chomwecho, iye atapita kale. Mu 1890 anyamata awiri mwa aja ankabwera usiku, Mawelera ndi Makara Tembo, anakhala oyamba kubatizidwa m'dziko la M'mbelwa, ndipo Mawelera anadzakhala mphunzitsi ndi mpeki wa nyimbo za m'tchalitchi. Lero dzina la Koyi likukumbukiridwa pa nyumba ya alendo ya William Koyi mumzinda wa Mzuzu.

Wina akati awerengere ana amene Koyi anawalemba m'kaundula wa sukulu ku Njuyu, sangapeze ngakhale mmodzi. Komabe nduna zimene zinavomera sukulu mu 1886 zinavomera zitakhala naye zaka zinayi, zitamuyesa m'njira zambiri n'kupeza kuti ndi munthu wokhulupirika. Mvula inangofulumizitsa chigamulo chimene khalidwe lake linali litakonza kale.

Mpaka lero m'sukulu za mu Blantyre muli ansembe, asisiteri, abulazala ndi aphunzitsi wamba amene anasiya kwawo kudzaphunzitsa ana a kuno, ndipo mabanja ena a m'parishi muno ali ndi ana awo amene akuphunzitsa kapena kugwira ntchito kunja. Onsewa amakumana ndi zimene Koyi anakumana nazo: chilankhulo chachilendo, kusungulumwa, kukayikiridwa, ndi masiku ambiri ooneka ngati palibe chikuchitika. Pa Misa ya lero ndi bwino kuwakumbukira m'mapemphero, ndipo amene ali ndi mphunzitsi wachilendo pafupi amuchezere, amuphunzitse Chichewa, amuitanire kumphakati.